Funsani Amisiri: Mabogi a sitima amawamasula bwanji?

Makalata a mwezi uno akumana pa nkhani imodzi, ya zitsulo zolumikizira ndi kulekanitsa mabogi a sitima yapamtunda. Oyankha ndi amisiri okonza mabogi pamodzi ndi anthu amene ntchito yawo ndi kusankha ndi kulumikiza mabogi pa siteshoni, omwe a njanji amawatcha ma shunter.

FUNSO: Akonzi, ndikaima pa Nkaya ndimaona munthu akungokweza kachitsulo kopindika ka pakona ya bogi, basi sitima yaduka pakati. Chinthu chokoka matani zikwizikwi chimamasuka bwanji ndi dzanja limodzi, popanda ngakhale sipanala?
Wowerenga wa ku Balaka

YANKHO: Bambo, pindani zala za dzanja lamanja ngati mbedza, muterenso kumanzere, ndiye mukolanitse manja awiriwo n'kukoka. Sakulekana. Tsopano wongolani zala za dzanja limodzi lokha. Linalo langopulumuka. Cholumikizira mabogi cha njanji za kuno, chomwe pa ntchito timangoti coupler, nzeru yake ndi imeneyo. Kutsegula mbali imodzi kumakwanira.

Chala chopindikacho dzina lake ndi knuckle. Ndi chitsulo cholemera makilogalamu pafupifupi 35, chimene chimatembenuka pa chikhomo choimirira monga chitseko pa mahinjesi. Kumbuyo kwake chili ndi mchira wolowa m'mimba mwa coupler. Mabogi awiri akagundana, knuckle imatsekeka, mchira uja n'kulowa mkati, ndipo chitsulo china chokhuthala, loko, chimagwa chokha chifukwa cha kulemera kwake n'kukhala pakati pa mchirawo ndi khoma. Mchira ukasowa kotulukira, knuckle singatseguke. Mulibe sipuling'i, mulibe bawuti, mulibe kiyi. Khutu lozolowera limamva kaphokoso kachiwiri pambuyo pa kugundana kuja: ndi loko akugwa.

Ambiri amaganiza kuti chikhomo ndicho chimakoka sitima. Ayi ndithu. Mchira wa knuckle uli ndi mano amene amakola m'mizere ya mkati mwa coupler, ndipo mphamvu yokoka imadzera mmenemo. Chikhomo chimangogwira knuckle kuti isagwe pansi ikatseguka.

Kachitsulo munaonako ndi chogwirira. Ndodo yake imachokera pakona ya bogi kukafika pansi pa coupler. Mukachikweza ndodoyo imapotoka, n'kukankha timikono tiwiri timene timatukula loko kuchokera pansi. Pa mainjini ndi pa mabogi ena akale, loko amakokedwa kuchokera pamwamba ndi kaunyolo kapena kamphete, koma ntchito ndi yomweyo. Munthu sanyamula sitima, amanyamula loko basi.

Chogwiriracho chimakwera pawiri. Mukakweza pang'ono, loko amakwera n'kukhala pa kampando kake mkatimo, osagwanso ngakhale mutasiya. Knuckle ikadali yotseka koma ilibe choigwira, ndipo injini ikangokoka imatseguka. Shunter amapeza mpata wokweza, kuchokapo, n'kupereka chizindikiro ali poteropo. Knuckle ikamatseguka, mchira wake umamuchotsa loko pa kampando paja n'kumusiya atatsamira pamchirapo, kudikira kugwa ikadzatsekekanso. Mukakweza mwamphamvu mpaka kumapeto pa bogi yoima payokha, loko amamenya kachitsulo kopindika ngati chikwakwa, kotchedwa thrower, kamene kamakankha knuckle kuti itseguke popanda munthu kuikhudza. Umo ndi mmene timaikonzera kuti ilandire bogi ina.

Izi zisanabwere, mabogi ankalumikizidwa ndi mphete yaitali ndi zikhomo ziwiri. Munthu ankaima pakati pa mabogi akuyandikirana, mphete ili m'manja, kuilunjikitsa pabowo. Zala zinkatsalira pomwepo, nthawi zina munthu yense. Eli Janney wa ku Virginia analembetsa coupler ya knuckle mu 1873, ndipo mu 1893 dziko la America linaika lamulo loti mabogi azilumikizana okha pogundana, komanso azimasuka popanda munthu kulowa pakati. Chogwirira cha pakona chimakwaniritsa mbali yachiwiri ya lamulolo. South Africa inayamba kusintha mu 1927, ndipo ntchitoyo inafika mpaka m'ma 1950. M'zaka zimenezo ma knuckle ankakhala ndi mpata pakati ndi bowo la chikhomo, kuti bogi yatsopano izithabe kukoka yakale ya mphete. Lero njanji za Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa n'zofanana m'lifupi, mamilimita 1,067, ndipo coupler yofanana ndiyo imalola bogi yochokera ku Nacala kulowa m'sitima ya ku Limbe.

FUNSO: Ndangoyamba kumene kuphunzira ntchito ya shunter. Nthawi zina chogwirira chimakana kukwera ngakhale nditakoka ndi manja onse awiri. Anzanga ena akuti ndizivekapo paipi kuti mphamvu ichuluke. Nditero?
Wophunzira ntchito wa ku Kapiri Mposhi

YANKHO: Paipiyo isiyeni, achimwene. Kawirikawiri vuto si dzimbiri, si kuchepa kwa mphamvu zanu. Mabogi ali okokana. Sitima ikaima itatambasuka, mchira wa knuckle umam'panikiza loko kukhoma ndi kulemera konse kwa mabogi a m'mbuyo, ndipo palibe chimphona chingamutukule. Uzani adalaivala abwerere pang'ono, masentimita ochepa chabe, kuti mabogi atsamirane. Mudzaona kampata kakuoneka pakati pa ma knuckle, ndipo chogwirira chidzakwera ndi dzanja limodzi. Pamtsetse ndiye pamavuta: mabogi otsala akakhala kumunsi amangopitirira kukoka. Yambani mwawamanga mabuleki a pamanja kuti injini ipeze chotsamira pobwerera.

Mukavekapo paipi, chimene chimagonja ndi ndodo ya chogwirira. Ikapindika, mwina imalephera kumufikitsa loko pa kampando, ndiye amangogwanso mukasiya. Mwina imakhala itamutukula pang'ono nthawi zonse, ndipo iyi ndiyo yoipa, chifukwa bogi imeneyo idzamasuka yokha pakati pa tchire, inu muli mtulo kunyumba.

Mabogi akatsamirana koma chogwirira n'kukanabe, ndiye kuti mkati mwaphimbira. Fumbi la malasha, simenti yonyowa ndi feteleza wotayikira zimauma n'kumanga loko. Feteleza ndiye woipitsitsa chifukwa amadya chitsulo. Chogwirira chikamakwera mopepuka ngati palibe chimene chanyamula, kamkono ka pansi kathyoka kapena ndodo yakoloka pamalo pake. Zonsezi njira yake ndi imodzi: polumikizana pali ma coupler awiri, ndipo iliyonse ili ndi chogwirira chake, china mbali ino ya njanji, china mbali inayo. Zungulirani kumapeto kwa mabogi mukakweze chinacho, osadutsa pansi kapena kulumpha pamwamba pa coupler. Bogi yovutayo ilembeni kuti amisiri aione.

Girisi ndi oyilo musathire m'coupler. Zimakola mchenga n'kusanduka phala lopera chitsulo, zimabisa ming'alu, ndiponso zimamuterereketsa loko kuti azikwera yekha sitima ikamagwedezeka. Mafuta ololedwa mmenemo ndi ouma okha.

Pokweza, thupi lonse likhale kunja kwa mzere wa bogi, mapazi kutali ndi njanji, nkhope yopenya kumbali. Chifukwa chake chili m'yankho lotsatirali.

FUNSO: Akonzi, kwathu ndi pafupi ndi njanji. Injini ikamasiya mabogi kumamveka phokoso ngati tayala la lole laphulika. Kodi chimakhala chawonongeka?
Mayi wa ku Limbe

YANKHO: Palibe chawonongeka, mayi. Phokoso limenelo shunter amalidikira, ndipo likapanda kumveka amabwerera kukaona chalakwika.

Mabuleki a sitima amagwira mosemphana ndi a galimoto yaing'ono. Paipi imodzi imayenda kuchokera ku injini mpaka ku bogi yomaliza, yodzaza mpweya wopanikizidwa: ma bar 5 (bar ndi muyezo wa mphamvu ya mpweya) ku Ulaya, opitirira 6 pang'ono pa sitima za katundu ku America. Mpweya ukadzaza, mabuleki amamasuka. Ukatsika, valavu ya pansi pa bogi iliyonse imatsegulira mpweya wa m'kathanki ka bogiyo kuti ukankhe mabuleki kumawilo. George Westinghouse anakonza zimenezi mu 1872, cholinga chake n'choti sitima ikaduka, mbali zonse ziwiri ziime zokha. Pakati pa mabogi paipiyo imakhala ya labala, yokhala ndi mitu yachitsulo yokolana ngati manja opatsana moni, ndipo kumapeto kulikonse kwa bogi kuli kampopi kotsekera mpweya.

Ndondomeko yomasulira imayenda motere. Sitima iime, adalaivala amange mabuleki n'kutsimikiza kuti sasuntha mpaka atauzidwa. Shunter amange mabuleki a pamanja pa mabogi amene atsale. Kuchuluka kwake kumatengera kulemera kwa mabogi ndi kutsetsereka kwa malowo, ndipo buku la malamulo la njanji iliyonse lili ndi chiwerengero chake. Akatero awayese: adalaivala amasule mabuleki a mpweya, aone ngati a pamanja okhawo akugwiradi. Iyi ndi sitepe imene anthu aulesi amaidumpha. Zikagwira, adalaivala amanganso, shunter n'kutseka kampopi kamodzi kokha, ka bogi imene ipite ndi injini. Ka mabogi otsala kasiyidwe kotsegula. Kenako akweze chogwirira, achokepo, apereke chizindikiro. Injini ikamachoka, mapaipi a labala amawongoka, mitu ija n'kukoloka yokha, ndipo mpweya wonse wa mabogi otsala umatuluka nthawi imodzi. Ndi phokoso mumamvalo. Mabuleki a mabogiwo amagwira mwamphamvu pompo. Paipi yolekanayo imakwapula ngati chikoti, mutu wake wachitsulo ungathyole bondo, ndipo imaulutsa timiyala ta panjanji. Woima pafupi ayang'ane kumbali.

Pali kachinyengo kamene kamaletsedwa pa njanji zambiri: kutseka timipopi tonse tiwiri kuti mpweya usungike, podzalumikizanso usatenge nthawi kudzaza. Mpweya wotsekeredwa choncho ukangokwera pang'ono m'paipi, ngakhale chifukwa cha valavu imodzi yodontha, mavalavu ena amaona ngati adalaivala alamula kumasula, ndipo mabuleki amamasuka bogi ndi bogi, injini kulibe.

Ngakhale zitachitika bwino, mabuleki a mpweya si osiyira mabogi usiku wonse. Mpweya umatha pang'onopang'ono, ndipo woudzaza ndi injini yokha. Pa 5 July 2013, sitima ya mabogi 72 a mafuta inasiyidwa usiku pamtsetse pa Nantes, m'chigawo cha Quebec ku Canada, itamangidwa mabuleki a pamanja 7 okha. Injini yake itazimitsidwa chifukwa cha moto, mpweya unatha, sitima n'kuyamba kuyenda yokha. Inatsetsereka makilomita pafupifupi 11, n'kukagwa ndi kuyaka pakati pa tauni ya Lac-Mégantic pa 6 July. Anthu 47 anafa. Sitima imeneyo sinamasulidwe ku injini zake, koma mabogi amene mwawachotsa ku injini ali chimodzimodzi: palibe chowapopera mpweya.

Mabogi akale a kuchigawo kuno ena ali ndi mabuleki a vacuum, amene amamasuka mpweya ukayamwidwa m'paipi. Paipi yake ndi yonenepa, ya mizeremizere. Iyi siilekana yokha. Imamasulidwa ndi manja mabogi asanasunthe, ndipo mbali ya ku injini imavekedwa pa chotsekera chake. Mukaiwala kuveka, adalaivala amayamwa mpweya wa dziko lonse, mabuleki osamasuka. Pa mabogi a anthu, mawaya a magetsi azulidwenso ndi manja magetsi atazimitsidwa.

FUNSO: Sitima zazitali za malasha zochokera ku Moatize zimadutsa kwathu kuno. Kodi sitima yotere ingaduke yokha ili paulendo? Ikaduka amatani?
Wowerenga wa ku Liwonde

YANKHO: Ingaduke, bambo, ndipo zimachitika pa njanji zonse zokoka katundu wolemera. Chofala kwambiri ndi kuthyoka kwa knuckle. Polumikizana paliponse pali kampata, ndipo kuseri kwa coupler kuli chofewetsa kugundana chimene chimalowa ndi kutuluka. Pa bogi imodzi ndi masentimita angapo, koma pa mabogi 100 amakwana mamita. Mutu wa sitima ukamatsika phiri mchira ukadali kukwera, kapena adalaivala akaponda moto mwadzidzidzi mabogi ali otsamirana, mipata imeneyi imatambasuka motsatizana ngati chikwapu, ndipo knuckle imene ili ndi mng'alu wakale imalekera pomwepo. Amisiri amadziwa poyang'ana pothyokapo: pakuda ndi dzimbiri ndi mng'alu wakale, powala ndi pamene pathyoka lero.

Kuthyoka kumeneku n'kochita kufuna. Pa muyezo wa ku America wa chitsulo cha Grade E, knuckle iyenera kupirira matani pafupifupi 295, pamene thupi la coupler liyenera kupirira oposa 400. Chothyoka chizikhala chija anthu awiri angasinthe m'tchire, osati chofuna kireni. Mainjini ambiri amayenda ndi knuckle yapadera. Posintha, mabogi amangidwe mabuleki a pamanja ndipo atalikirane mamita osachepera 15. Mumachotsa kawaya kotsekera pansi pa chikhomo, kuzula chikhomo, kukweza chogwirira, knuckle yothyoka n'kuilola igwe pansi mapazi ali kutali. Yang'anani ngati loko ndi thrower zili bwino. Mnzanu agwire chogwirira m'mwamba, inu mulowetse mchira wa knuckle yatsopano, mubwezere chikhomo, ndiye mutseke ndi kutsegula kangapo kuti muone loko akugwa. Knuckle zili za mitundu, ndipo ya mtundu E silowa m'coupler ya mtundu F. Yothyoka siwotchereredwa, imapita ku zitsulo zakutha. Chenjezo lina: knuckle yosowa chikhomo imatha kukoka sitima ulendo wonse popanda vuto, koma tsiku limene wina adzakweze chogwirira, makilogalamu 35 aja amagwera paphazi.

Nthawi zina sitima imaduka popanda chothyoka: mupeza knuckle yangotseguka. Apo loko anakwera yekha. Kamkono kotukula loko kali ndi kadzino kamene kamakola pansi pa khoma la coupler, kuti loko asakwere pokhapokha chogwirira chitakwezedwa. Kadzinoko kakatha, kapena ndodo ikakhala yopindika, loko amakwawa pang'onopang'ono mpaka kuchoka. Mwinanso sanagwe bwinobwino pa nthawi yolumikiza. Ichi n'chifukwa chake mabogi akalumikizidwa, shunter amasuzumira pansi pa coupler kuona ngati mwendo wa loko watsika, n'kupempha adalaivala akoke pang'ono kuyesa.

Njira yachitatu ndi kupulumukira m'mwamba. Coupler ya mtundu E ilibe choletsa knuckle imodzi kutsetsereka m'mwamba kapena pansi pa inzake. Bogi yodzaza imakhala yotsika, yopanda katundu yokwera, ndipo pa njanji yokumbika ina imatha kudumpha inzake. Mtundu F uli ndi mapiko okolana oletsa zimenezi, ndipo mabogi a mathanki ku America amaikidwa timashelefu pamwamba ndi pansi pa coupler, kuti pangozi isadumphe n'kukaboola thanki ya kutsogolo.

Mawu amodzi kwa okhala m'mbali mwa njanji. Sitima ikaima nthawi yaitali, anthu amadutsa pakati pa mabogi, wina atasenza thumba, wina atanyamula njinga. Phazi loponda chogwirira lingamuike loko pa kampando popanda woona, ndipo phazi loponda pa coupler limapanidwa mabogi akangotsamirana. Sitima yaitali imasuntha kumchira injini isanamveke n'komwe.

FUNSO: Kuno ndaona zinthu ziwiri zosiyana. Pa sitima ya katundu munthu amawerama n'kulowa pakati pa mabogi kukamasula. Koma sitima ya anthu inagawika pawiri pa siteshoni popanda aliyense kuikhudza. Zikusiyana pati ndi za kwathu?
Wowerenga wa ku Leeds

YANKHO: Mwaona zakale kwambiri ndi zatsopano kwambiri, achimwene. Pa nkhani ya mabogi a katundu, mayiko ambiri a ku Ulaya ali m'mbuyo kuyerekeza ndi kwathu. Bogi yawo ili ndi mbedza pakati ndi zitsulo ziwiri zonga mbale m'mbali, ma buffer, zolandira kugundana. Cholumikizira ndi mphete ziwiri zogwirizanitsidwa ndi bawuti yaitali yokhala ndi chogwirira. Pomasula, injini imakankha kuti ma buffer apanikizane, shunter amawerama pansi pa buffer n'kuimirira m'kampata ka pakati, kutseka timipopi, kulekanitsa mapaipi ndi manja n'kuwapachika, kupotokola bawuti mpaka mphete italendewera, ndiye kuinyamula kuichotsa pambedza n'kuipachika pamalo pake kuti isakwekwereke. Amachita zimenezi kambirimbiri pa shifiti imodzi, mvula kaya chipale chofewa. Pa muyezo wa ku Ulaya cholumikizirachi chimayenera kupirira matani pafupifupi 85 okha. Yerekezani ndi 295 aja, mudziwa chifukwa chake sitima zawo za katundu n'zazifupi.

Ku Britain kale mabogi a katundu ankalumikizidwa ndi unyolo wa mphete zitatu wopanda bawuti. Shunter ankayenda ndi ndodo yaitali yokhala ndi kachitsulo kopotoka kunsonga, ngati ngowe yothyolera mango. Ankaitsamiritsa pa buffer, n'kukolola unyolo pambedza ali kunja.

Coupler ya sitima ya anthu ija ndi ya mtundu wa Scharfenberg kapena wofanana nawo, womwe Karl Scharfenberg wa ku Königsberg anaupanga kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900. Ndiwo uli pa sitima zothamanga kwambiri, ICE ya ku Germany ndi TGV ya ku France. Nkhope yake ili ndi chotupa ngati nsonga ya munsi ndi chibowo pambali pake, kotero ziwiri zikakumana zimalunjikitsana zokha. Mkati mwa iliyonse muli chimbale chozungulira chokhala ndi kamlomo, ndi kamphete kotulukira kunja. Kamphete ka mbali ino kamakola pa kamlomo ka mbali inayo, ka uko n'kukola kuno. Mphamvu yokoka imagawika mofanana mbali ziwiri za chimbale, choncho sichizungulira ngakhale mukoke bwanji. Adalaivala akadina batani, bokosi la mawaya a magetsi limabwerera m'mbuyo n'kudzivundikira, silinda ya mpweya imazunguza chimbale, timphete n'kutuluka, ndipo mapaipi a mpweya amadzitseka okha. Mpweya ukasowa pali chingwe kapena chogwirira chokoka ndi manja. Adani ake ndi fumbi, madzi oundana ndi mtengo wake. Mu 2021 a njanji za ku Ulaya anasankha mtundu womwewu kuti ndiwo udzalowe m'malo mwa mbedza ndi bawuti pa mabogi a katundu, pamodzi ndi mawaya a magetsi ndi a uthenga.

FUNSO: Kodi bogi ingamasulidwe sitima ikuyenda, kapena ndi za m'mafilimu chabe?
Mnyamata wa ku Johannesburg

YANKHO: Za m'mafilimu zija, munthu akukweza chogwirira sitima ikukwera phiri, n'zabodza: coupler yokokana simasuka. Koma m'mabwalo akuluakulu osankhira mabogi, monga Sentrarand kufupi ndi kwanuko ndi Bailey Yard ku North Platte m'chigawo cha Nebraska, njira inakonzedwa yomasulira mabogi akuyenda. Pamakhala kachitunda kochita kuunjika. Mabogi amayamba achotsedwa mpweya wonse, ndipo injini imawakankha kukwera kachitundako pa liwiro la munthu woyenda pansi. Pokwera amakhala otsamirana, ndiye woyenda m'mbali amakweza chogwirira mosavuta. Bogi ikapitirira pansonga imatsetsereka yokha, mphambano za njanji n'kuilondolera kumzere wake, ndipo zitsulo zopana mawilo zimaichepetsa liwiro kuti ikagunde zinzake pa makilomita osapitirira 6 pa ola. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu yogunda imawirikiza kanayi. Wokweza akachedwa pang'ono, bogi imayamba kulendewera kutsidya, coupler n'kukokana, ndipo ntchito yonse imaima kuti injini ikonze.

Ku Britain ankachita zoposa apa. Kuyambira mu 1858 sitima zina za anthu zinkasiya bogi yomaliza zili pa liwiro. Kondakitala wa m'bogiyo ankakoka chogwirira chotsegula mbedza, sitima n'kupitirira, iye n'kuimitsa bogi yake pa siteshoni ndi mabuleki. Pobwerera bogiyo inkafunabe sitima yoima kuti iitenge. Yomaliza inasiyidwa pa Bicester mu 1960.

FUNSO: Potsitsa malasha kudoko, kodi amamasula bogi imodziimodzi?
Wowerenga wa ku Tete

YANKHO: Pa madoko a katundu wotere, monga Saldanha kumene kumatsitsidwa miyala ya chitsulo ya ku Sishen, samasula. Bogi imalowa m'chimakina chonga mgolo, chimaipana, n'kuigudubuza chadodolido ili yolumikizidwa ndi zinzake. Chimatheketsa ndi coupler yozungulira: khosi lake limatembenuka mkati mwa bogi, ndipo mgolowo umazungulira molunjika mzere wa ma coupler. Mapaipi a mabuleki amaikidwa moti azipotoka osalekana. Coupler yozungulirayi imakhala kumapeto amodzi okha, ndipo njanji zambiri zimapaka utoto wowala mbali imeneyo kuti shunter aione ali patali. Mabogi onse ayang'ane kumodzi. Imodzi ikatembenuzidwa, ma coupler awiri osazungulira amakumana pamlomo pa mgolo, ndipo makina akagudubuza, khosi la coupler limapotoka, bogi yoyandikana nayo n'kunyamuka kuchoka panjanji.